Ankamvera Yani pa Msewu wa Stevenson?

Inu amene mwatchera khutu ku wailesi madzulo ano timakutchulani omvera. Mau omwewa ndi amene kholo limayamikira nawo mwana amene akatumidwa kudambo amanyamula mtsuko osawiringula. M'chinenero chathu kumva ndi kumvera ndi mau a bere limodzi: munthu amayamba wamva, kenaka n'kumvera. Koma pakati pa ziwirizi pagona funso limene lasautsa Akhristu chiyambire Mpingo, ndilo lakuti, kodi mau amene ndamvawa ndi a yani? Nkhani yathu ya lero ichokera kumpoto kweni-kweni kwa dziko lino, m'boma la Chitipa, kumene anthu ena adasiya mafupa awo funsoli lisanayankhidwe.

Tiyambe ndi chimene anthuwo ankakhulupirira. Amishoni a ku Scotland amene adayamba ntchito ya Livingstonia mu 1875 adaleredwa ndi katekisma wamfupi wa ku Westminster, wolembedwa mu 1647, amene ana a kwawoko ankaloweza adakali aang'ono. Funso loyamba la katekismayo limafunsa chimene munthu adalengedwera, ndipo patsogolo pake pali lina lofunsa chimene Mulungu afuna kwa munthu. Yankho la funso lachiwirili, tikalifupikitsa, ndi liu limodzi lokha: kumvera. Kwa iwo kumvera sikudali khalidwe limodzi mwa makhalidwe ambiri okoma, iai. Kudali ntchito yonse ya Mkhristu. Ankadziwa bwino za Abrahamu amene adasiya kwawo osauzidwa kumene akupita, ndiponso za mfumu Sauli amene adataya ufumu poganiza kuti nsembe ya ng'ombe zonenepa ingalowe m'malo mwa kuchita chimene adauzidwa. N'chifukwa chake posamuka ku Cape Maclear kunka ku Bandawe mu 1881, atasiya manda asanu ndi munthu wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe, sadadzione ngati olephera. M'maganizo awo, kuwerenga zokolola idali ntchito ya mwini munda. Ya waganyu idali kulima ndime imene wapatsidwa.

Tsono tiyang'ane dziko limene mau awo adalifikira. Munthu akachoka ku Karonga m'mbali mwa nyanja nalowera kumadzulo, amakwera zitunda mpaka atafika kudziko lokwera ndi lozizira limene lili pakati pa nyanja ya Malaŵi ndi nyanja ya Tanganyika. Kumpoto kwake kuli mtsinje wa Songwe ndi mapiri a Misuku, ndipo cha kumalire ndi Zambia kuli mapiri a Mafinga. Palibe boma lina m'Malaŵi muno la zinenero zambiri ngati limeneli: kuli Alambya a mfumu Mwaulambya, Asukwa ndi Andali a ku Misuku, Anyiha, Amambwe, Anamwanga, ndiponso olankhula Chitumbuka a cha ku Wenya ndi Nthalire. Anthuwa sadadikire Mzungu kuti adzawaphunzitse kumvera. Ankamvera mafumu awo, ankamvera mizimu ya makolo, ndipo adali ndi nkhalango zopatulika m'mene munthu sakadayerekeza kulowa ndi nkhwangwa. Koma zaka za m'ma 1880 zidali zaka za mantha. Angoni adali atadutsa kale ndi nthungo zawo, Abemba ankabwera kuchokera kumadzulo kudzafunkha, ndipo njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zinkadutsa momwemo. Midzi yambiri idali m'malinga.

Chimene chidabweretsa mishoni kudera limeneli chidali chuma cha munthu mmodzi. James Stevenson adali wamalonda wolemera wa ku Glasgow, mmodzi wa akulu-akulu a komiti ya Livingstonia, komanso mmodzi wa eni kampani ya African Lakes, imene ife timaidziwa ndi dzina loti Mandala. Iye adalonjeza mapaundi 4,000 olambulira msewu wochokera kumpoto kwa nyanja yathu kukafika kumwera kwa nyanja ya Tanganyika, mtunda wa mamailosi oposa 200. Koma mphatsoyo idadza ndi mfundo zake. Mandala idayenera kukafika ndi malonda ake ku Tanganyika, ndipo a Livingstonia pamodzi ndi a London Missionary Society adayenera kumanga mamishoni m'mbali mwa msewuwo. Stevenson adali Mkhristu wosamala za Mulungu, ndipo ankakhulupirira, monga ankachitira David Livingstone, kuti malonda a chilungamo ndiwo adzathetse malonda a anthu. Sitikumunyoza ai. Tingoti tizindikire kuti pamene mnyamata wa ku Scotland ankauzidwa kuti Mulungu akumutuma ku Ulambya, malo eni-eni okakhalako adali atasankhidwa kale ndi anthu oyang'ana mapu a msewu.

Wolambula msewuwo adali James Stewart, katswiri wa ngalande ndi misewu amene adagwirapo ntchito ya boma ku India. Tisamusokoneze ndi mbale wake, Dr James Stewart wa ku Lovedale. Uyu adabwera kuno mu 1877 kudzangocheza pa tchuthi, koma ataona kuchepa kwa antchito adataya ntchito yake ya malipiro abwino nakhazikika. Adathandiza kukonza mishoni ya Blantyre, mu 1879 adayenda pansi mpaka ku Tanganyika poyeza njira, ndipo mu 1881 makasu adayamba kulira pa msewu watsopano. Chaka chomwecho chisanathe, anthu ake 19 adaphedwa m'njira ndi anthu a mfumu ina ya m'deralo. Stewart adasonkhanitsa anzake ndi mfuti zawo, nabwerera kukabwezera potentha midzi.

Mabuku akale a mishoni amadutsa msanga pa nkhaniyi, monga munthu adutsira pa manda usiku. Ife tiimepo pang'ono. Chaka cha 1880, chifukwa cha nkhanza zimene zidaululika ku mishoni ya Blantyre, akulu a mipingo ku Scotland adali atalamula kale kuti amishoni aleke kuweruza milandu ndi kulanga anthu. Stewart ankalidziwa lamulolo, ndipo ankadziwanso chimene Uthenga Wabwino unena za kubwezera. Munthu yemweyo amene adamvera Mulungu posiya chuma cha ku India, pa tsiku la mkwiyo adamvera mau ena. Mwina iye akadati popanda chilangocho palibe wantchito wina akadadutsa bwino njirayo, ndipo mwina akadanena zoona. Komabe eni nkhokwe zimene zidapsazo adayamba kuona anthu a Mulungu watsopanoyu kudzera mu utsi. Za anthu 19 aja, mbiri idasunga chiwerengero chawo chokha. Maina amene idasunga ndi a Azungu.

Mu 1882 Stewart adamanga nyumba m'dziko la mfumu Mweniwanda, pamalo otchedwa Ncherenje, amene mabuku akale amalemba kuti Chirenji. Imeneyi ndiyo idakhala mishoni yoyamba m'dera lonse la Karonga ndi Chitipa. Mwini wake sadaione ikugwira ntchito, pakuti malungo adamutenga mu August 1883. Masiku omwewo mbusa wachinyamata, James Alexander Bain, adali m'njira kudzalowa m'nyumbamo, limodzi ndi mlendo wotchuka, Profesa Henry Drummond, amene pambuyo pake adalemba buku la ulendo wake lotchedwa Tropical Africa. Adafika kumpoto kwa nyanja n'kupeza manda a munthu amene ankayembekeza kuti awalandira. William McEwan, amene adatumidwa kudzapitiriza msewu, nayenso adamwalira mu 1885. Msewu weni-weni udalambulidwa chigawo choyamba chokha, chokwera zitunda kuchokera kunyanja. Kwina konseko idali njira ya mapazi. Koma pa mapu a ku Ulaya udajambulidwa ngati mseu waukulu wotha kale, ndipo m'njira yomweyo amtengatenga adasenza pamutu zitsulo za sitima ya a London Missionary Society yotchedwa Good News, chidutswa-chidutswa, mpaka ku Tanganyika, kumene idalowa m'madzi mu 1885.

Bain adakhala pa Ncherenje nthawi yaitali wopanda mnzake wa ntchito ya ubusa. Adayamba kuphunzira chinenero cha anthu, nasonkhanitsa ana kuti ayambe sukulu. Sipadatenge nthawi kuti zioneke kuti malowo adali osayenera. Anthu ozungulira adali ochepa, omwazikana ndi nkhondo, ndipo chinenero chimene munthu adachivutikira pamudzi uno sichinkamveka bwino akayenda ulendo wa tsiku limodzi. Amishoni ankaganiza kuti kumtunda kozizira kulibe malungo, pakuti masiku amenewo padalibe wodziwa kuti matendawa amadza ndi udzudzu. Ronald Ross adazitulukira zimenezi mu 1897, zaka khumi zitapita. Mu 1886 kudafika sing'anga, Dr David Kerr Cross, ndi mkazi wake, ndipo kudalinso mmisiri wa matabwa, Hugh Mackintosh. Dzinja la kumapeto kwa 1886 ndi kumayambiriro kwa 1887 lisanathe, Mai Cross ndi Mackintosh adali atagona m'manda pa Ncherenje pomwepo, wina kutsatana ndi mnzake. Sing'anga adaika mkazi wake amene adalephera kumuchiza, napitiriza ntchito.

Kodi kumeneku tikutche kumvera? Ine nditi inde, ndipo ndinena mosakayika. Munthu amene waika mkazi wake m'dziko la eni, m'mawa mwake n'kutsukanso zilonda za odwala, sachita zimenezo pofuna kukondweretsa komiti ya ku Glasgow. Koma tiyenera kuonjeza kuti kumvera kwa otumidwa sikuyeretsa maganizo onse a owatuma. Lamulo lopita kukalalika adalipeza m'Buku Lopatulika. Lamulo lomanga pa Ncherenje lidachokera m'pangano la mapaundi 4,000. Awiriwa adalukana ngati chingwe, kotero kuti mnyamata wodwala malungo m'nyumba ya udzu sakadatha kulekanitsa luzi ili ndi linzake. Kupempha kuti asamuke kukadaoneka ngati kuthawa mtanda. Ili ndilo tsoka la anthu omvera: mau a munthu akavala malaya a mau a Mulungu, iwo ndiwo amayamba kupwetekeka.

Kenaka kudadza nkhondo. Mandala idatsegula sitolo ku Karonga mu 1884, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham, ndipo sitoloyo inkagula minyanga kwa amalonda a Chiswahili, amene makolo athu ankawatcha Aluya. Malonda amenewa ndiwo adakokera Mlozi ndi anzake, Kopakopa ndi Msalemu, kudzamanga malinga awo cha ku Mpata, pa msewu weni-weni wa Stevenson. Taonani m'mene zinthu zimatembenukira: msewu wolambulidwa kuti uthetse ukapolo udasanduka khwalala la ogula anthu. Mu October 1887 anthu a Mlozi adathira moto bango la pa dambo la Kambwe m'mene Ankhonde adabisala, ndipo ambiri adapsa, ena adaphedwa pothawa, ena adagwidwa ndi ng'ona. Mwezi wotsatira Mlozi adazinga sitolo ya Karonga. Mwa Azungu 6 amene adatsekeredwa m'lingamo pamodzi ndi Ankhonde othawa nkhondo mudali Alfred Sharpe, amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa dziko lino, mudalinso mbusa Bain. Adapulumuka chifukwa cha zikwi za ankhondo a Anyakyusa amene adadza kuchokera kumpoto.

Kumayambiriro kwa 1888 otsala a nkhondoyo adakwera ku Ncherenje, ndipo nyumba ya mishoni idazingidwa ndi linga. Dr Cross adatsagana ndi ankhondo a kampani ngati sing'anga wawo, ndipo ndiye adasamala Kapitao Frederick Lugard pamene chipolopolo chidamupyoza manja onse awiri pa linga la Kopakopa mu June 1888. Apa funso lija lidabweranso, koma lolemera koposa. Wotumidwa kudzalalika mtendere achite chiyani akaona amai ndi ana akumangidwa magoli pakhomo pake? Akakhala chete, wamvera lamulo la komiti koma wasiya mnansi wake m'manja mwa afisi. Akaima ndi a mfuti, wateteza mnansi, koma Uthenga wake wasanduka mbendera ya kampani yamalonda. Bain ndi Cross adasankha kuima ndi Ankhonde, ndipo munthu amene adamvapo za Kambwe sangafulumire kuwaweruza. Koma tisaiwale kuti nkhondo yomweyo ndi imodzi mwa zinthu zimene zidatsegulira khomo ulamuliro wa Angerezi kumpoto. Idatha mu December 1895, pamene Harry Johnston adagumula linga la Mlozi namupachika.

Bain sadaone mathero amenewo. Mu 1888 adasamutsira ntchito yake kumpoto kwa Songwe, ku Ukukwe, pamalo otchedwa Kararamuka, pakati pa anthu ambiri ndi minda ya nthochi. Nthawi yake yopita kwawo kukapuma idali itakwana, thupi lake lidali litafooka ndi malungo, koma adasankha kukhalabe chaka china poona kuti anthu ali pa zoopsa. Pamene adavomera kutsika kunyanja nthawi idali itatha. Adamwalira ku Bandawe mu May 1889. Chaka chotsatira, 1890, Angerezi ndi Ajeremani adagawana dziko pa tebulo, mtsinje wa Songwe nukhala malire. Kararamuka idagwera kutsidya la Ajeremani, kumene amishoni a Moravian ndi a ku Berlin adafika mu 1891. Dr Cross adakayamba malo ena ku Ngerenge, kufupi ndi Karonga. Pa Ncherenje padatsala manda ndi mabwinja. Tikawerenga monga awerengera amalonda, zaka zonsezo phindu lake lidali lochepa zedi.

Nanga Chikhristu chimene tichiona lero ku Chitipa, ku Ulambya ndi ku Misuku chidadza ndi yani? Kwakukulu chidadza ndi mapazi a anthu akuda. Sukulu ya ukachenjede ya Livingstonia itatsegulidwa pa Khondowe mu 1894, mudayamba kutuluka aphunzitsi ndi alaliki amene ankatumidwa kumidzi ndi buku, choko ndi kamalipiro kochepa. Ochokera ku mishoni ya Karonga ankakwera zitunda zomwe zija kukatsegula masukulu a udzu kumtunda, akuphunzitsa m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka ana amene kwawo ankalankhula zina. Chaka chomwecho cha 1894 mbusa Alexander Dewar adatsegula mishoni ya Mwenzo, patsogolo pa msewu womwewo, kutsidya kwa malire a lero a Chitipa ndi Zambia, pakati pa Anamwanga. Adapita ndi Mtonga wa ku Bandawe, John Afwenge Banda. Azungu atachoka chifukwa cha matenda, Banda ndiye adatsala akusunga sukulu ndi mapemphero, kutali ndi nsomba za kwawo, pakati pa anthu a chinenero china, mpaka Dr James Chisholm adafika mu 1900. Mu 1905 mphunzitsi wina wa Livingstonia, David Kaunda, adakakhazikika ku Chinsali pakati pa Abemba, omwe aja ankaopedwa ku Ulambya. Mwana wake Kenneth ndiye adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Anthuwa ankamvera Azungu amene ankawalipira, n'zoona. Koma malipirowo adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'migodi ya ku Harare ndi ku Joni, kumene anzawo a sukulu imodzi ankathamangira. Chidawasunga pa ntchitoyo chiyenera kuti chidali china.

Msewu wa Stevenson udaonanso nkhondo ina. Pa nthawiyi boma la atsamunda lidali litamanga kale linga lake pa Fort Hill, dzina lakale la Chitipa, lotchedwa motero polemekeza Sir Clement Hill wa ku ofesi ya za maiko akunja ku London. Nkhondo ya 1914 itabuka, malire a Songwe adasanduka bwalo la nkhondo. Angerezi ndi Ajeremani adamenyana ku Karonga mu September 1914, ndipo mu May 1916 asilikali a General Edward Northey adanyamuka m'malire monsemo, ku Karonga, ku Fort Hill ndi ku Fife, kulowa m'dziko la Ajeremani. Chakudya ndi zipolopolo zawo zidayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupi-fupi 200,000 a dziko lino adagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo osawerengeka adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chisanu. Mafumu adalamulidwa kusonkhanitsa anthu, ndipo amishoni ambiri adalimbikitsa Akhristu kumvera boma, potsata chiphunzitso cha mtumwi Paulo chonena za maulamuliro.

Yankho lidachokera kwa ana a mishoni omwe. Mu 1917 boma la Southern Rhodesia lidathamangitsa anthu angapo a chiphunzitso cha Watch Tower, chimene kumpotoko amachitcha Chitawala. Mmodzi wa iwo adali Hanoc Sindano, amene adaphunzirapo ku Mwenzo. Atabwerera kwawo adayamba kulalika m'midzi ya m'malire kuti mapeto a dziko ali pafupi, ndi kuti munthu wa Mulungu asasenzenso katundu wa nkhondo kapena kugwadira boma ndi mafumu ake. Anthu ambiri-mbiri adabatizidwa m'mitsinje. Tsinde la mau ake lidali yankho lija la Petro ndi anzake pa bwalo la akulu a Ayuda, pamene adaletsedwa kulalika nasankha Mulungu kusiya anthu. Mu 1919 otsatira ake oposa 100 adazengedwa mlandu ku Kasama. N'kosavuta lero kuseka ulosi wa Sindano, pakuti dziko silidathe. Koma mai amene mwamuna wake adatengedwa ndi mtolo pamutu osabwereranso adamva m'mau amenewo chinthu chimene sadachimve m'tchalitchi cha mishoni. Buku lidali limodzi, Paulo ndi Petro adali atumwi a Mbuye mmodzi, koma pa msewu umodzi womwewo Akhristu ena adamvera posenza mtolo, ena adamvera poutula.

Funso lomwelo lidadzaukanso dziko lino litalandira kale ufulu. A Mboni za Yehova, amene ndi gulu losiyana ndi la Sindano ngakhale mizu yawo idayandikana, adakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress ponena kuti chikumbumtima chawo sichiwalola. Adaletsedwa mu October 1967, ndipo mu 1972 zikwi-zikwi zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Imeneyo ndi nkhani yofuna tsiku lake-lake.

Titsale ndi munthu mmodzi, amene nayenso adatumidwa kumtunda komweko m'zaka za nkhondo. Mu May 1914 mishoni ya Livingstonia idadzoza abusa ake oyamba achikuda, patatha zaka 39 chifikire Azungu: Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Chirwa ankagwira ntchito ku Loudon, kumene lero timati ku Embangweni, pamodzi ndi mbusa Donald Fraser, ndipo adali wopeka nyimbo wa luso, wokondedwa ndi Angoni. Nkhondo itasokoneza mishoni ya Mwenzo, Dr Chisholm ali pa ntchito yochiza asilikali, bwalo la Presbiterio lidatuma Chirwa mu 1916 kuti akasunge nkhosa za kumeneko. Adamvera napita. Ali kumeneko, kutali ndi kwawo, pakati pa chipwirikiti cha asilikali ndi amtengatenga, adagwa m'tchimo la chigololo.

Akadatha kukhala chete. Mwenzo ndi kutali ndi Embangweni, nthawi idali ya nkhondo, ndipo iye adali mmodzi wa abusa atatu oyamba amene maso a dziko lonse adali pa iwo. Ankadziwa kuti akaulula, Azungu amene ankati munthu wakuda sanakhwime kufika pa ubusa adzapeza ponenera. Ankadziwanso kuti adzataya kolala, malipiro ndi ulemu. Komabe atabwerera adaulula yekha, ndipo mu 1918 adatula pansi ubusa. Kumvera kwa Stewart kudasakanikirana ndi mkwiyo, kwa Bain ndi pangano la msewu, kwa amtengatenga ndi chikoti cha boma; koma apa padalibe komiti, padalibe mapaundi, padalibe mfuti. Palibe adamutuma kukaulula, ndipo palibe phindu limene akadayembekeza.

Chotsatira chake chidayesa mpingo wonse. Fraser adafuna kuti munthu wolapa abwezedwe pa ntchito yake posachedwa. Amishoni ena akulu-akulu adakana, poopa kuti kufewa kudzagwetsa mwambo wa mpingo wanthete. Mbali zonse ziwiri zinkati zikumvera Mulungu, ena poteteza chiyero cha ubusa, ena pokumbuka kuti Petro amene adakana Mbuye wake katatu ndiye adapatsidwa nkhosa kuti azidyetse. Amene sadatope ndi Akhristu wamba a ku Loudon. Chaka ndi chaka akulu a mpingo ankabwera ku bwalo la Presbiterio ndi pempho lomwelo, kuti atibwezere mbusa wathu, ndipo chaka ndi chaka ankabwerera manja ali m'khosi. M'zaka zonsezo Chirwa sadachoke kukayamba mpingo wake, ngakhale anthu omutsata akadapezeka, monga adapezekera kwa Mwasi pamene adapatuka mu 1933. Adakhala pa benchi pakati pa anthu amene kale ankawagawira Mgonero, nadikira.

Adabwezedwa pa ubusa mu 1924, patatha zaka 6, ndipo adatumikira ku Embangweni mpaka imfa yake mu 1936. Adamuika pafupi ndi pamene padaikidwa phulusa la Fraser, limene lidachokera ku Scotland chaka chapitacho. Nyimbo zake zili m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo zimaimbidwa m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia, kuyambira ku Embangweni mpaka ku Chitipa, kumene msewu wa phula wochokera ku Karonga udafika patapita zaka zoposa 120 chimwalirire James Stewart.